Udindo wa Agogo Awiri

"Sajeni? Ine sajeni?"

A Gesualdo anamenya tebulo mpaka khofi anakhavukira pa pepala. Mwana wawo Ornella analikoka msanga n'kulipukuta, uku akusuzumira wotchi.

Ornella ankadyera kumasulira zikalata za makhothi m'Chingerezi, koma ntchito yalero inali yapakhomo. Mwana wake Noemi ankakwatiwa Loweruka ndi mnyamata wa ku Mangalande, ndipo achibale a mkwatiyo Chitaliyana sankachimva ngakhale pang'ono. Kabuku ka mwambo kanayenera kukhala m'zinenero ziwiri, wosindikiza ankakafuna tsiku lomwelo. Zonse zinali zitatheka kupatula mizere iwiri, ya agogo aamuna a mkwatibwi.

"Bambo, Angerezi alibe Maresciallo," anatero Ornella. "Ndangofunafuna udindo woyandikirako."

"Nanga uja wam'lemba chiyani?"

Uja anali a Amilcare, apongozi ake a Ornella. Iwo anapuma ali Commissario kupolisi ya boma, pamene a Gesualdo anapuma ali Maresciallo ku Carabinieri, apolisi achisilikali. Magulu awiriwa kuyambira kale amayang'anana ngati mitala, ndipo asewere awiriwa chikwatirane cha ana awo anali asanadyerepo tebulo limodzi.

"Insipekitala wamkulu," anayankha Ornella motsitsa mawu.

"Wamkulu! Munthu woti ankagwira akuba ndi cholembera, atakhala pampando wandalema! Ine tauni yonse ino imandivulira chipewa. Wophika buledi amati Maresciallo, wansembe amati Maresciallo, malemu amayi ako akandikwiyira ankati Maresciallo. Lero ukandichepetse pamaso pa alendo? Ukasindikiza zimenezo, ine ku ukwatiko usandiyembekeze."

Anatola ndodo yawo n'kutuluka. Ornella ankadziwa kuti bambo akewo akanena sankabweza. Ndipo Noemi, amene anakulira pamiyendo pawo, ankafuna kuti agogo akewo akamudalitse pakhomo la tchalitchi.

Ornella anakhala pansi, anadzuka, anakhalanso. Anayesa kukweza bambo ake pang'ono, kuti onse awiri akhale insipekitala. Asanamalize n'komwe, foni inalira. Anali apongozi. Mwamuna wa Ornella, amene anasuzumira pepalalo, anali atawatsina kale khutu.

"Mwana wanga, ndamva kuti ukufuna kundilinganiza ndi mlonda wa pamudzi uja. Ine ndinapita kuyunivesite, anthu amanditchula Dottore. Chidule chake uchiikenso patsogolo pa dzina langa, kadontho kake usaiwale."

"Apongozi, kwa Angerezi dokotala ndi wochiza odwala."

"Aphunzire! Tsamba limodzi ndi iyeyo ndalola, koma msinkhu umodzi ayi."

Foni ija thii! Ha, njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Ornella anamasulirapo milandu ya kuphana osatuluka thukuta, koma apa bulauzi inamumatirira kumsana. Anaganiza zosiya maudindowo m'Chitaliyana momwemo, koma anadziwa kuti mkangano ungosamukira pa woyamba kulembedwa.

Anatsika masitepe kabuku kali m'manja, nalowa kwa Tiziano wosindikiza, amene anali atayamba kale kutsitsa chitseko.

"Mayi, mwabwera ndi nkhondo kapena mtendere?" anaseka Tiziano. "Akuluakulu anu onse adutsa pano. Wina akuti zilembo zake zikhale zonenepa, wina akuti zake zikhale zagolide."

"Ndibwerekeni cholembera."

Ornella anakhwatcha mizere yonse iwiri, ya Chitaliyana ndi ya Chingerezi yomwe. M'malo mwake analemba mzere umodzi: agogo a mkwatibwi, Amilcare ndi Gesualdo.

"Opanda udindo?" Tiziano anatong'ola maso. "Kuno? Anthu ofuna udindo ndi pamwala wa manda omwe? Akutafunani wamoyo."

"Sindikizani. Noemi sanawaitanepo ndi dzina lina koma agogo."

Ananena molimba n'kubwerera kunyumba. Mpaka Loweruka bambo ake sanamuyankhe foni.

Tsikulo Ornella anaima pakhomo la tchalitchi akupotokola mpango, maso ali kumsewu. Mabelu anali atayamba kulira pamene galimoto ya a Amilcare inaima. Anatulukamo anthu awiri. A Gesualdo anali mu yunifolomu yawo yakuda ya mzere wofiira, mendulo waliwali, a Amilcare atawagwira mkono kuti asapunthwe. Aliyense anali atanyamula kabuku kaja ngati umboni.

"Mwaona, a Commissario, ana a masiku ano?"

"Ndaona, a Maresciallo. Mwano wokhawokha."

Anamudutsa Ornella osam'patsa moni. Noemi atawathamangira ndi diresi lake loyera, onse awiri anam'psompsona pamphumi, wina uku wina uku.

Kuphwando anakhala tebulo limodzi, akuthirirana vinyo ndi kumudya miseche Ornella mpaka alendo anabalalika. Iye anawamva bwinobwino, koma anangovula nsapato pansi pa tebulo n'kuyamba kudya.