Wantchito Wokana Malipiro

Bambo atagwa kudimba n'kufa dzanja ndi mwendo wakumanja, achipatala anatiuza zinthu zambiri zoyenera kuchitika tsiku ndi tsiku, koma sanatiuze woti azizichita. Mayi anamwalira kalekale. Mchimwene wanga Rodgers ali ku Joni. Ine ndimagwira ntchito ku Blantyre pa kampani yogulitsa mbewu, kumene digiri yanga ya zachuma imandithandiza kuwerenga matumba. Ndipo ngakhale ndikanasiya ntchitoyo, kwathu ku Makhanga mwana wamkazi sasambitsa bambo ake.

Ndinafunafuna munthu kwa milungu itatu. Woyamba anafuna ndalama za miyezi iwiri asanamuone n'komwe wodwalayo. Wachiwiri anafika m'mamawa akununkha kachasu, n'kundifunsa ngati njinga ya Bambo ikadali ndi ntchito. Wachitatu anabwera naye bambo anga aang'ono, a Gabriel.

Wachitatuyu anali a Luisa, mayi wamasiye wa zaka pafupifupi makumi asanu. Nyumba yawo inapita ndi madzi osefukira, ndipo ankakhala kwa alongo awo, a Augustino. Atalowa m'nyumba sanayang'ane wailesi kapena denga. Anagwada, anagwira mphasa imene Bambo anagonapo, n'kunena kuti, "Iyi yanyowa kuyambira dzulo."

Tinagwirizana K60,000 pamwezi. Ine ndi Rodgers tizipereka K50,000, a Gabriel aziwonjezera K10,000 yotsalayo. A Gabriel anati ulemu wake, ndalama zoyamba zipite kwa a Augustino, popeza ndiwo ankasunga a Luisa. Sindinafune kupereka ndalama zili pamtunda ngati ndikugula nsomba. Ndinaziika m'mbale, ndinavundikira ndi mbale ina, ndinamanga pansalu, n'kuwapatsa a Gabriel kuti akapereke. Ndinabwerera ku Blantyre ndikudzitama mumtima kuti sukulu sinandiiwalitse mwambo.

Mwezi wachiwiri ndinatumiza malipiro pafoni ya a Luisa. Madzulo ake ndalama zinabwerera zonse. Nditawaimbira anangothokoza m'Chisena chawo, amvekere, "Takhuta, mwananga, koma usavutike." Mwezi wachitatu zinabwereranso.

Rodgers anayamba kunditumizira mauthenga a mawu, aatali ngati ulaliki.

"Rute, wakuba nkhuku ndi wabwino, timadziwa chimene akufuna. Koma munthu wokana ndalama akufuna chinthu chachikulu. Ndi dimba limenelo. Kapena akuwadyetsa mankhwala mdala. Pita ukaone, iwe uli pafupi."

Kwa Rodgers, ulendo wa minibasi ziwiri, kabaza ndi bwato ndi pafupi.

Ndinapempha masiku atatu kuntchito. Sindinauze aliyense kuti ndikubwera. Ndinawoloka Shire Lachisanu masana, dzuwa likuwotcha mpaka matabwa a bwato, ndipo m'njira monse ndinkakonza m'mutu zimene ndikapeze: mbuzi zosakwana, nkhokwe yopanda kanthu, Bambo ali ndi zilonda kumsana.

Bambo ndinawapeza pakhonde, ometedwa bwino ndevu, atavala malaya awo a kutchalitchi. Masaya anali atabwerera. Ndinanamizira kuwakonza kolala kuti ndione kumsana, ndipo chilonda panalibe. Mankhwala awo a BP ndinawawerenga kawiri, ndipo anali atatha monga mwa masiku ake. Ndinapita kukhola. Ndinasiya mbuzi zisanu ndi imodzi, koma ndinapeza zisanu ndi zitatu.

"Ziwirizo n'zanga," anatero a Luisa kumbuyo kwanga. Sindinawamve akubwera.

Wakuba wobwera ndi mbuzi zake ndinali ndisanamumvepo. M'malo moti mtima ukhale pansi, unakwera. Ndinayamba kuona zina. Makiyi onse a panyumba anali pachingwe m'khosi mwawo. Makina osokera a malemu mayi anga, amene anakhala zaka khumi ndi ziwiri atafunditsidwa nsalu, anali pawindo, othiridwa mafuta. M'kachipinda kamene ndinawapatsa kuti azigonamo munali matumba a mapira mpaka kukhomo, ndipo mphasa yawo munalibemo. Komanso tsiku loyamba lija ankanditchula kuti achemwali. Lero anati, "Iwe Rute, kasambe m'manja, udye."

Ndinadya pang'ono, nditaona kaye kuti iwonso adya za m'mbale yomweyo. Kenako ndinapita kwa a Gabriel. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa masawu akusoka ukonde.

"Bambo aang'ono, wantchito uja munandipezera akukana malipiro. Akufuna chiyani?"

"Wantchito uti?"

"A Luisa."

Anaika ukonde pamiyendo. "Kodi iwe tsiku lija unandipatsa chiyani?"

"Malipiro a mwezi woyamba."

"Unandipatsa mbale ziwiri zovundikirana, zomanga pansalu, m'kati muli ndalama. Unatuma ine, mng'ono wa mwamuna, kwa mlongo wa mkazi. Kuno timatero tikamafuna chiyani?"

Ndinakhala pansi, padothi pomwepo. Ndinakumbukira ndili wamng'ono, mbale zotero zikulowa pakhomo la oyandikana nafe, amayi akululutira. Kuyambira Fomu 1 ndinakhala m'sukulu zogonera konko, ndipo zimene ndinakumbukira za mbalezo ndi ulemu wokha.

"Ndinawafunsira mbeta Bambo?"

"Augustino anavundukula, anawerenga, n'kuvomera. Anayamikira kwambiri kuti ana a mkulu wanga Kaitano ndi olongosoka."

"Inu mukanandiuza!"

"Ndinkati munthu wa digiri akudziwa chimene akuchita."

"Simunanene kuti ndi malipiro?"

"Sanandifunse."

Anatolanso ukonde uja n'kuyamba kufunafuna bowo limene panalibe. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Chichokere tsiku la mbale lija, K10,000 yawo ya pamwezi palibe anaitchulanso.

Nditabwerera kunyumba ndinakhala pafupi ndi Bambo. Chigwereni, mawu awo amatuluka pang'onopang'ono, mbali imodzi ya pakamwa.

"Baba, mukudziwa kuti munakwatira?"

Theka la nkhope yawo linaseka. "Ndina... mva. Kutchalitchi."

"Ndiye simunakane?"

"Ndi pakamwa... pati?"

"Ndikufunsa zenizeni, Baba. Mukuwafuna? Sakukuopsezani?"

Anati, "Manja ake... sapweteka."

Sindinadziwe ngati limenelo ndi yankho la mwamuna kapena la wodwala.

A Luisa anali kuseri kwa nyumba, atateleka ndowa ya madzi osamba a Bambo. Ndinaima patsogolo pawo monga mmene abwana anga amaimira akapeza matumba asakukwana.

"Pachitika kusamvana. Mbale zija sizinali za ukwati. Zinali malipiro anu."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Sikisite sauzande ndinaimva ndi makutu angawa. Sindine gonthi."

"Ndiye bwanji simunakonze?"

"Ndikonze chiyani? Augustino pofika Loweruka anali atagula kale malata." Anasonkheza moto. "Ndikufunse, iwe wophunzira. Mkazi wosambitsa mwamuna amene si wake, pamjigo amamutchula dzina liti? Mlungu woyamba akazi ankasiya kulankhula ndikafika. Itamveka nkhani ya mbale, omwewo anayamba kunditula ndowa."

"Koma n'zabodza."

"Matewera ndimachapawa si abodza."

Ndinanena zimene Rodgers ananena. "Mukufuna dimba."

"Eya."

Ndinkayembekeza kuti alumbira kapena alira. Anangotembenuza chikuni.

"Aka si koyamba kusamala nkhalamba. Ku Bangula ndinasamala mayi wina zaka zinayi. Ankandilipira bwino, sindinama. Tsiku lotsatira maliro ana ake anandipatsa nsalu imodzi ndi ndalama ya kabaza. Ndinabwerera kwa Augustino kukagona kukhitchini ndi nkhuku. Malipiro ako ndikalandira, amadziwa tsiku lake ndi Augustino, osati ine. Ndikufuna khomo langa, ndi mbali yakumunsi ya dimba lija, ndizilima mpaka nanenso ndidzafe. Ndikadzafa mudzatenge, ndilibe mwana."

"Rodgers sangalole."

"Rodgers abwere adzasambitse bambo ake."

Analowa m'nyumba. Ndinamva kabati ikutsegulidwa. Anatuluka ndi mtolo womanga pachitenje, anauika pakhonde, anavula chingwe cha makiyi n'kuchiika pambali pake.

"Ukati ndine wantchito, pyadidi, chabwino, palibe mlandu. Wantchito amapita kumene kuli ndalama zambiri. Ku Nchalo kuli bwana wa kuminda ya nzimbe akufuna munthu wosamala mayi ake. Nainte sauzande, nyumba ya magetsi. Mbuzi zanga ndidzatuma munthu."

Za bwana wa ku Nchalo sindinadziwe ngati n'zoona. Mtolo uja unamangidwa msanga kwambiri, ngati unkangodikira. Koma Lamlungu m'mawa ndinayenera kukwera bwato, ndipo ndinali nditawaona kale anthu ena amene Makhanga angandipatse pa K60,000.

Madzi anayamba kulira m'ndowa. Bambo, amene ankamva zonse ali pampando wawo, anayesa kusuntha mwendo wawo wakufa ndi dzanja lamanzere. Unawakanika. Sanandiyang'ane.

Funso limene linatsala linali loipa, koma ndinalifunsa, motsitsa mawu kuti Bambo asamve.

"Wantchito amafuna wodwala akhale moyo, chifukwa akafa malipiro atha. Inu mukapatsidwa nyumba ndi dimba, Bambo mudzawafuniranji? Ndidzadziwa bwanji kuti simudzatopa nawo?"

A Luisa anandiyang'ana m'maso koyamba chibwerereni.

"Sudzadziwa," anatero. "Uzibwera."

Ndinaima pamenepo ndikuwerengera, chifukwa ndi ntchito imene ndinaphunzira. Mbali zonse ziwiri sizinkakwana. Mbali imodzi yokha ndi imene inali ndi munthu woti anyamule ndowa ija lero.

"Mbali yakumunsi yokha ya dimbalo," ndinatero. "Tilemba papepala mawa m'mawa, a Gabriel ndi a Augustino alipo. Ndipo makina a mayi anga ndikupita nawo."

"Tenga. Amadumphitsa ulusi."

Anatola makiyi aja n'kuwabwezera m'khosi. Mtolo anausiya pomwepo. Anaphula ndowa, anathiramo madzi ozizira, anayesa ndi chigongono.

"Choka pamenepo, bambo ako asambe. Pita ukatsekere mbuzi."

Ndili kukhola foni inalira. Anali Rodgers.

"Wapeza chiyani? Waba zingati?"

"Sanabe kanthu."

"Ndiye akufuna chiyani?"

"Uli chiimire kapena wakhala pansi?"

"Lankhula, iwe!"

"Yamba kusunga ndalama. Zija tinapereka zinali zongofunsira, a Augustino adzafuna zotsala za lobola. Ndiponso uzinditumizira ya basi mwezi uliwonse. Tsiku lobwera kuno ndizisankha ndekha, osauza munthu, ngakhale iweyo."

Rodgers anayamba kukuwa. Ndinaika foni pamtengo wa khola kuti amalize, n'kusuzumira pakati pa mapesi. A Luisa anali atalowetsa phewa lawo kukhwapa kwa Bambo, akuwadzutsa pang'onopang'ono, uku akuwauza kanthu kena m'Chisena, motsitsa. Bambo anaseka. Ndinatchera khutu, koma sindinamve chimene anawauza.