Pa Fomu Lembani Khonde Lomwelo

Lolemba m'mawa mwini sitolo ya nsapato anabwera ndi mmisiri wowotcherera zitsulo, nayamba kuyeza khonde.

"Lachisanu nditseka pano ndi zitsulo. Mufune kwina, mayi," anatero osawayang'ana n'komwe.

Mayiwo, omwe ankachapa zovala m'makomo mwa anthu, anali atagona pakhondepo miyezi inayi ndi mwana wawo wamkazi, chiwatulutsireni m'nyumba ya lendi amuna awo atamwalira. Anali munthu waukhondo wake. Yunifolomu ya mwana ankaipinda bwino n'kuigonera pansi pa katoni kuti iwongoke, moti kusukulu palibe ankadziwa kanthu. Koma tsopano mvula inali pafupi, khonde nalo likupita. Mantha anawagwira zedi.

Mayi wosesa msewuwo, amene anthu ankangowatchula kuti Anatsache, anamva zonse. Iwowa sankadziwa kuzungulira polankhula.

"Achemwali, ku ofesi yosamalira anthu munapitako?"

"Ndinapita. Anati sindili m'gulu la osowa pokhala."

"Pa fomu paja amafunsa kumene mumagona. Munalembapo chiyani?"

Mayiwo anayang'ana pansi. "Kwa alamu anga."

"Alamu omwe aja anakutsekerani geti? Ndiye mumafuna a ku ofesi alote? Mwawauza kuti denga muli nalo, akupatseninso lachiwiri?"

"Ndimaopa, Anatsache. Ndikanena kuti timagona pamsewu andilanda mwana. Komanso manyazi."

"Manyazi anapha lambe, achemwali! Ine ndinagona kuseri kwa depoti ya mabasi chaka chathunthu ndi ana awiri. Ndinakanena zoona zokhazokha. Anawo ndili nawo mpaka lero, akungondithera sopo m'nyumba. Mawa tipitira limodzi."

Lachiwiri anakhala pabenchi la ku ofesiko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Mwana uja anawapeza komweko ataweruka kusukulu. Atalowa, mlangizi, bambo wa magalasi omanga ndi ulusi, anatulutsa fomu yatsopano.

"Mumagona kuti, mayi?"

"Pakhonde la sitolo ya nsapato, moyang'anana ndi mpopi wa madzi. Miyezi inayi tsopano. Koma chonde bambo, mwana wanga yekhayo musandilande."

Mlangizi anaika cholembera pansi. "Mayi, mwana amene akupita kusukulu atasamba chonchi ali ndi mayi ake. Ntchito yathu ndi kukupezerani pogona nonse awiri. Chiphaso muli nacho?"

"Chinabedwa pamodzi ndi chikwama."

"Ndikulemberani kalata yokatengera china. Chimenecho chisakutsekerezeni."

Komabe malo sanapezeke tsiku lomwelo, chifukwa nyumba yosungirako amayi ndi ana inali yodzaza. Anthu ambiri amagwa ulesi pamenepa, koma mayiwa ayi. Lachitatu mlangizi anabwera kudzaona khondelo ndi maso ake, ndipo iwo anamuonetsa katoni, mabulangete, zonse, osabisa kanthu. Lachinayi anabwereranso ku ofesi osaitanidwa.

"Mwabweranso?" anaseka mlangizi.

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, bambo. Ndizibwerabe mpaka mutope nane."

"Simufika pamenepo. Mawa banja lina likusamukira m'nyumba yawoyawo. Chipinda chawo ndi chanu."

Lachisanu, mmisiri akuyamba kuthethetsa moto pazitsulo zake, mayi ndi mwana anali atamanga kale katundu. Anatsache anawasenzera ndowa, uku akudandaula kuti tsopano asowa wokangana naye m'mawa.

Chipindacho chinali chaching'ono: mabedi awiri, zenera limodzi, ndi chitseko chokhala ndi loko. Woyang'anira nyumbayo anawauza kuti akhala pamenepo kwa kanthawi, ndipo anawalemba m'gulu la amayi ophunzira kuchapa ndi makina, kuti adzathe kupeza nyumba yawo.

Mwana uja anayang'ana uku ndi uku, yunifolomu ili m'manja. "Amayi, katoni taisiya. Nanga iyi tiigonera pansi pa chiyani?"

Mayiwo anaitenga n'kuipachika pamsomali wa kukhoma. Misozi inatsika, koma inali yachimwemwe.

Abale, ngati mulibe pogona, pitani ku ofesi yosamalira anthu ndipo mukanene zoona. Kusowa chiphaso kusakubwezeni. Akakuuzani kuti mudikire, bwereraninso mawa lake. Ndipo pa fomu, pamene afunsa kumene mumagona, lembani khonde lomwelo, chifukwa thandizo limapita kumene mwaliuza kuti muli.