Masiwiti a m'jekete ya kumaliro

Tsiku lomwe tinabwerako kuchipatala, amayi anapitikitsa shuga m'nyumba ngati mlendo wakuba. Paketi ya shuga, jamu, mabisiketi, zonse kudzala. Ndi uchi womwe, wosalakwa.

Anamwino anali atalongosola bwinobwino. Anati matenda anga a shugawa sanabwere chifukwa chodya zotsekemera ayi. Chitetezo cha m'thupi mwanga momwe ndicho chinasokonekera n'kuwononga tizigawo ta kapamba topanga insulini. N'chifukwa chake ndinkamwa madzi ngati ng'ombe, kukodza kosalekeza, siketi n'kumavuka yokha. Mankhwala ake ndi jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku, moyo wonse. Ananenanso kuti shuga akatsika kwambiri ndizidya chotsekemera msangamsanga, koma apo n'kuti amayi akulira, ndipo munthu akamalira makutu amatseka.

Abambo anayamba kumwa tiyi wopanda shuga osadandaula ngakhale pang'ono, zomwe zinali zokayikitsa.

Loweruka lina masana ndinabaya jakisoni, magetsi n'kuthima chakudya chisanapse. Ndili mkati mokolopa pabalaza, manja anayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, miyendo n'kulefuka. Kamakina koyezera kanaonetsa kuti shuga watsikiratu. Ndinauza amayi kuti ndikufuna chotsekemera, lilime likulemera kale.

Anatsegula makabati onse. Mchere, mafuta, machesi. Nyumba yoyera, ntchito ya manja awo. Golosale yapafupi inali yotseka, aneba atachokapo. Mantha ndinali nawo, osanama, koma chinandiopsa kwambiri ndi nkhope ya amayi.

Abambo anaima pakhomo kanthawi, mwina akuganizira kaye za tsogolo la banja lawo. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi jekete yawo yakuda ija, yovala kumaliro. Anakhuthula thumba lam'kati, masiwiti mbwee patebulo. M'thumba linalo munatuluka timapepala tokhatokha, tochuluka kuposa maliro amene tinapitako chaka chimenecho.

Ndinatafuna angapo. Pang'onopang'ono chipinda chinasiya kuzungulira.

Amayi anakhala pansi n'kuyamba kutola timapepalato, kumatiwongola pabondo kamodzikamodzi. Abambo anayamba kulongosola kuti masiwitiwo ndi a chifuwa.

"Khalani chete inu," anatero amayi.

Anabwezera masiwiti otsalawo m'thumba n'kuwapatsa abambo jekete yawo.

"Mumu musadzathe masiwiti. Jeketeyi izigwira ntchito imeneyi. Ntchito inayo, ya kumaliro, ayi."