Msewu Unapita kwa Asewere

Alamu anga a Oddny sanali munthu wansanje. Ndinawadziwa akukwatiwa ndi achimwene anga a Torleif, ali mtsikana woseka ndi aliyense, ndipo zaka zonse zimene takhala moyandikana kuno ku Kvernvik sindinawamvepo akusirira za mwini. Chinawasintha ndi msewu.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Eirik, anapeza ntchito mumzinda n'kukwatira Tuva, mwana wa a Gunvor ndi a Arnfinn a ku Lysnes. Masiku amenewo kuchoka mumzinda kupita ku Lysnes kunali kutali, kubwera kuno kunalinso kutali, choncho anawo ankagawa bwino: Khirisimasi ino kuno, inayo uko. Asewere awiriwa ankatumizirana jamu ndi masokosi oluka, aliyense akuyamikira manja a mnzake.

Boma linali litajambula kalekale misewu iwiri yaliwiro yochokera mumzinda. Wina unali wolowera kum'mawa kudzera ku Lysnes. Wina unali wathu wakumadzulo, woboola phiri n'kuika mlatho pamene timawolokera pa sitima yonyamula magalimoto. Wakum'mawa anaumanga. Wathu unatsalira pa mapu amene ali pakhoma la sitolo, timadontho tofiira timene tafwifwa ndi dzuwa.

Msewu wa ku Lysnes utatsegulidwa, Eirik ankagula mkate mumzinda n'kukafika nawo kwa apongozi ake ukadali wofunda. Kuti abwere kuno ankayenera kukwera phiri mokhotakhota, kudikira sitima, ndipo m'nyengo yozizira nthawi zina ankabwerera panjira chipale chofewa chitatseka msewu. Lamlungu lililonse linangokhala la ku Lysnes.

A Gunvor ndi mayi wa mtima wabwino, ndipo chimenecho n'chimene chinkawawa kwambiri. Sankaiwala kutumiza zithunzi za mdzukulu, Signe, pa foni. Lolemba m'mawa alamu ankalowa m'khitchini mwanga osagogoda, foni ili patsogolo.

"Taonani, alamu. Akumuphunzitsa kuluka. Ndani amagwira singano chonchi? Amupunditsa manja mwanayu."

"Ndi kamwana ka zaka zisanu, alamu. Kakungosewera."

"Ndiye alemba pansipa kuti, 'Tikukusowani, asewere.' Akutisowa chiyani? Akudya okha, ife akungotinunkhitsa fungo."

Ndinkawathirira khofi n'kuwasiya alankhule. Ndinkaganiza kuti zidzatha zokha.

Tsiku lina Tuva anaimba foni ija yoonana nkhope, ine ndili pomwepo. Anaitana mwana kuti adzapereke moni kwa agogo. Tinamva kamawu kakufunsa kuchokera kuchipinda: "Agogo ake ati, amayi? Agogo enieni kapena agogo akutali?"

Tuva anaseka mwamanyazi, nayesa kukonza. Alamu nawonso anaseka, nacheza naye mwanayo bwinobwino mpaka kutsanzikana. Foni itadulidwa anaiika pansi mofatsa, natuluka kukasesa pakhonde pamene anali atasesa kale m'mawa.

Apa ndinene za achimwene. A Torleif amaweta nkhosa, ndipo msewu wathu ukadzamangidwa udzadula pakati busa limene anatisiyira bambo athu. Kotero iwo ndiwo ankatsogolera kagulu kotsutsa msewuwo. Alamu sankalowererapo. Ankawaphikira khofi anthuwo akasonkhana kunyumba, basi.

Mwezi womwewo a ku ofesi ya misewu anabwera kudzachititsa msonkhano m'holo ya pasukulu. Mayi wina wachitsikana anaonetsa mapu pakhoma, nafotokoza kuti msewu wakumadzulo ulipobe m'mapulani, koma wasunthidwanso kumbuyo chifukwa anthu sakugwirizana pa kumene udutse. Achimwene anaimirira nalankhula motalika za busa, za mbalame za m'dambo, ndi za phokoso. Anthu awo anawomba m'manja. Asanakhazikike bwino pampando, alamu anali ataimirira.

"Ine ndine mkazi wa bambo amene angolankhulawa," anatero. "Nkhosa zawozo zili ndi miyendo inayi, zikhoza kukadyera kwina. Ine ndili ndi iwiri yokha, ndipo yayamba kale kuwawa. Mukufuna mdzukulu wanga adzandidziwire pamaliro?"

Holo yonse inagwa ndi phwete. Halvard, amene amagwira ntchito pa sitima, anakuwa kumbuyo: "Torleif, lero ukagona kukhola, m'bale wanga!"

"Takhalani pansi, Oddny," achimwene ananong'ona, makutu atafiira.

Akanakhala pansi pamenepo bwenzi nkhani itathera m'kuseka. Koma kuseka kwa anthu kunawapatsa mangolomera.

"Ndifunseko, mayi. Ku Lysnes kuli chiyani choposa kuno kuti ayambire kumeneko? Nsomba zimachokera kuno. Kungoti uko kuli anthu amene anakhalapo m'khonsolo, odziwa khomo loti agogode ndi choti anyamule m'manja. Ena mwa iwo ndi asewere anga omwe."

Kuseka kunathera pomwepo. Aliyense ankadziwa kuti a Arnfinn anakhala khansala zaka zambiri, ndipo aliyense ankadziwanso kuti ndi munthu woti sangatole ngakhale msomali wa mwini. Mayi wa ku ofesi uja anayamba kusanja mapepala ake. Wina anali atajambula zonse pa foni, moti nkhani inafika ku Lysnes ife tisanamalize kusonkhanitsa mipando.

Eirik anaimba tsiku lomwelo. Mawu ake ankamveka mpaka pamene ndinakhala.

"Amayi, mwawanena apongozi anga kuti ndi akatangale pamaso pa anthu?"

"Sindinatchule dzina la munthu ine."

"Kodi muli ndi asewere angati?"

Panapita masabata osaimbirana. Zithunzi zokha n'zimene sizinasiye kubwera, ngati palibe chachitika, ndipo alamu ankati a Gunvor akuchitira dala.

Chinawakumanitsa ndi ubatizo wa mwana wachiwiri, Mikkel. Kwathu tili ndi chovala choyera chachitali chimene anasoka mayi athu. Achimwene, ine ndi Eirik tonse tinabatizidwira m'menemo. Signe anabatizidwira m'chovala cha kwa a Gunvor, ndiye panali pangano loti mnyamatayu avale chathu. Ubatizowo unali ku tchalitchi cha ku Lysnes, poti abale ambiri sakanatha kufika kuno. Eirik anapempha kuti chovalacho chitsogole pa positi.

"Kuti akamuveke ndi Gunvor?" anatero alamu. "Ndinyamula ndekha."

Tinanyamuka atatu m'mawa kwambiri, koma kudoko tinapeza mphepo itavuta ndipo sitima inali itamangidwa. Tinakhala m'galimoto tikuyang'ana mafunde, alamu atakumbatira bokosi la chovala pamiyendo. Halvard anabwera kudzagogoda pawindo.

"Mayi, mlatho wanu uja lero ukanathandiza, eti?"

Pamene tinkawoloka n'kuti dzuwa litakwera kale. Tinatsika phiri, tinalambalala mzinda, kenako tinalowa mumsewu uja. Kanali koyamba kuti alamu aupondepo. Zaka zonsezi ankakana. Mizere iwiri kupita, iwiri kubwera, wosalala ngati tebulo. Phiri likaima patsogolo, msewu unkangolowa m'mimba mwake, magetsi ali ngwee, n'kutulukira mbali ina. Khofi amene ndinali naye m'kapu sanagwedezeke n'komwe.

Achimwene anaimba mluzu. "Koma anamanga anthuwa."

"Mukuyamikira chiyani inu wokana misewu?" alamu anawalusira. Kenako anayang'ana pawindo nthawi yaitali, nanena motsitsa: "Ndiye akamati abwera kudzaona agogo, ndi zimenezi? Munthu osatopa n'komwe?"

Tinafika mochedwa kwambiri, tikudziwa kuti zonse zatha. Koma anthu tinawapeza ataima panja pa tchalitchi, abusa ali pakati pawo akucheza. A Gunvor anatithamangira, mwana ali m'manja atakulungidwa m'bulangete chabe.

"Mwafika, asewere! Tinawapempha abusa kuti adikire. Tinati mwanayu salowa popanda chovala cha kwa bambo ake. Nayu, mumuveke nokha."

Alamu anathokoza, namuveka chovalacho. Polowa m'tchalitchi anandikoka mkono nandinong'oneza: "Mwaona? Aimika mudzi wonse padzuwa kuti aliyense aone kuti a ku Kvernvik ndi ochedwa."

Phwando linali kunyumba kwa a Gunvor. Tinadya nsomba, mbatata ndi makeke ochuluka. A Arnfinn anapereka moni kwa alamu mwaulemu, osawonjezera mawu. Signe ankangoyenda kumbuyo kwa a Gunvor, akudziwa kabati iliyonse ya m'nyumbamo, koma kwa alamu anapereka dzanja ngati kwa mlendo. Kenako Eirik anagogoda kapu ndi supuni kuti alankhule. Anati iye ndi Tuva agulitsa nyumba ya mumzinda ndipo apeza ina ku Lysnes konkuno, poti ndi msewu umenewu akhoza kumapita kuntchito m'mawa n'kubwerako madzulo, ana n'kumatsala kwa agogo.

Anthu anawomba m'manja. Alamu anatola mbale zingapo napita nazo kukhitchini. Ndinawatsatira, koma a Gunvor anandipitirira, ndiye ndinangoima pakhomo.

"Siyani mbalezo, asewere, muli makina otsukira," anatero a Gunvor. Anatseka mpopi. "Zija munanena kumsonkhano tinazimva. Arnfinn sananyamule kanthu kupita kwa aliyense. Munda wa maapozi wa bambo ake uli pansi pa msewu umenewo. Mpaka lero akamadutsa pamenepo amayang'ana kumbali."

"Koma zidzukulu muli nazo," anatero alamu.

"Tili nazo."

"Ndiye musandiuze za maapozi."

A Gunvor sanakwiye, ndipo ndikukhulupirira kuti alamu akanakonda atakwiya.

"Pansi pa nyumba ino pali zipinda ziwiri ndi khitchini, ndi khomo lakelake. Zimangokhala. Bwerani mudzakhale nyengo yozizira, muzithandiza kulera."

"Ndikhale pansi pa mapazi anu? Ndizimva ana akuthamanga pamutu panga? Zikomo kwambiri, asewere. Ndili ndi nyumba."

Nyengo yotentha yonse alamu anakhala akunena za chipongwe cha zipinda zapansizo kwa aliyense wolowa m'sitolo. Anasonkhanitsa mayina a anthu ofuna msewu, anakangana ndi achimwene mpaka kumadya padera. Masamba atayamba kuyoyoka a ku ofesi analengeza kuti za msewu wakumadzulo adzaziunikanso m'mapulani akutsogolo. Sabata yotsatira ndinawapeza alamu akulongedza masutikesi.

"Mukupita kuti, alamu?"

"Kukakonza kagwiridwe ka singano ka mwana uja. Palibenso china."

Achimwene anawaperekeza okha pa galimoto. Anatenganso mwendo wa nkhosa woumika, ndipo atafika ku Lysnes alamu anaupereka kwa a Arnfinn n'kunena kuti, "Uwu ngwa chaka chatha, wakhwima bwino." Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo a Arnfinn anaulandira.

Chipale chitayamba kugwa ndinapita kukawaona. Ndinawapeza atanenepa, akuseka ngati kale. Anandionetsa zipindazo, nandikokera pawindo monyadira.

"Taonani pamene galimoto ya Eirik imaima m'mawa akamadzasiya ana. Khomo loyamba ndi langa. Akafuna kukwera kwa Gunvor, ayambe adutsa pano. Amakwera atakhuta kale."

M'mawa mwake ndinadzuka kuti ndione zimenezo. Koma titasuzumira pawindo tinaona a Gunvor, mayi wofatsa uja, ataima pageti m'chipale, atavala chijasi pamwamba pa zovala zogonera, m'manja muli kambale kovundikira.

"Ayamba liti zimenezi?" ndinafunsa.

"Sabata yatha," anatero alamu, akuvala nsapato mofulumira. "Akuganiza kuti ndine mwana."

Anatulukira khomo lakumbuyo, nadutsa m'munda wa anthu oyandikana nawo, chipale chikuwafika m'mawondo, mpaka kukaima pamphambano pamene galimoto imakhotera. Patapita kanthawi ndinaona galimoto ya Eirik ikuima pamenepo, chitseko chakumbuyo chikutseguka, alamu akulowa n'kukhala pakati pa ana awiriwo. Inafika pageti iwo akubayibitsa a Gunvor pawindo, Mikkel atagwira chala chawo. Eirik anatuluka, nayang'ana mayi ake, nayang'ana apongozi ake, kenako anandiona ine pakhomo.

"Azakhali," anatero, "kodi kwanu kuja kulibe nyumba yogulitsa?"