Utuchi Wonyowa

Kuntchito ankangowatchula kuti Amake Mbewa, ndipo iwo ankavomera. Ankadyetsa mbewa zoyera za kafukufuku m'chipinda chopanda zenera, chonunkha mikodzo ndi sopo. Makola a kumanzere ankalandira chakudya wamba, chouma gwa. A kumanja ankalandira timibulu tofewa ta mafuta ndi shuga, tonona mpaka m'zala.

Abale inu, za kumanjazo zinkakoma m'maso! Zinanenepa, ubweya uli see, ulesi ngati mabwana. Amake Mbewa ankati izi ndiye zinabadwa ndi mwayi. Kunyumba nakonso iwo ankadyetsa amuna awo motero, mpaka azilamu ankayamikira kuti koma mwamuna mukumusunga.

Kenako mabotolo a madzi a kumanja anayamba kutha msanga. Utuchi wa m'makolamo unkangokhala chinyowere ndi mikodzo. Timabala ta kumchira, pomwe adokotala a kafukufuku ankabaya potenga magazi, tinasiya kuuma.

"Adokotala, kodi izi zalodzedwa?"

Adokotalawo anali munthu wosachedwa kuseka, koma apa sanaseke. "Tazilodza ndife, ndi chakudyachi. Insulini ndi amene amagogoda kuti minofu itsegule, shuga alowe. Mafuta akachuluka, minofu imagontha. Iye gogogo, iyo zii. Shugayo amangoyendayenda m'magazi n'kumawononga."

"Nanga zikasiya kudya zimenezi?"

"Zina zimabwerera. Izi ayi, zapita patali. Lachisanu tizigoneka."

Kugoneka kwa m'chipinda chimenecho kunalibe kudzuka. Amake Mbewa anachita mantha enieni. Anakumbukira jagi ya madzi imene amuna awo ankaimaliza asanamalize n'komwe kudya, maulendo osatha opita kuchimbudzi, ndi kabala ka pachala chachikulu chakuphazi kamene kanakana kupola. Nthawi ina atawauza zopita kuchipatala, abambowo anaseka. "Kabala ka nsapato, mayi? Mukufuna anesi andiseke?"

Tsiku limene adokotala ananena zimenezo, Amake Mbewa anaweruka dzuwa likadalipo. Njira yonse m'basi ankamva fungo la utuchi wonyowa, ngakhale anali atasamba m'manja mpaka khungu kuyabwa. Atatsegula chitseko cha kunyumba, fungolo analipeza litawatsogolera.

Amuna awo anali pampando, mutu uli khoba, wailesi ikudzilankhulira yokha. Amake Mbewa sanaitane. Anagogoda ndi chikhadabo pamkono wa mpando, monga amachitira pa khola akafuna kudziwa ngati ya m'katimo ikadali moyo. Anagogodanso. Patapita nthawi diso limodzi linatseguka.

"Mwabwera? Tandipatseni madzi."

"Dikirani kaye, bambo."

Anagwada n'kuwavula sokosi pang'onopang'ono, chifukwa inali itamatirira. Chala chija chinali chitada bii mpaka m'tsinde. Anachitsina mwamphamvu, ndi mkwiyo, kufuna kuti akuwe, awatukwane kumene.

Abambowo anayasamula.

"Mayi, mwagwadiranji pamenepo? Ndati madzi."