Mabwato Opanda Mchere

Amuna anga atapita ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya, pakhomo tinangotsala ine ndi nkhuku. Mwana ndinalibe. Ndiye ndinayamba kusema chinangwa. Ndinkachigoba pakati ngati bwato, n'kuchiotcha pamakala, kenaka n'kukhazikamo usipa ngati asodzi. Ana akaweruka kusukulu ya mishoni ankathamangira pakhonde panga. Tinkasema limodzi, ndipo Sofiya, kamtsikana ka khomo loyandikana nalo, sankadya bwato lake asanaliyendetse kaye pamkeka.

Zaka zitapita amuna anga osabwera, kudooko kunayamba manong'onong'o. Ati mkazi sangakhale yekha nthawi yonseyi, alipo mwamuna amene amamuzembera, ndipo mchere wothiridwa ndi mkazi wotere umadula ana, amatupa miyendo. Amayi ake a Sofiya anadzandiuza pamaso kuti, "Anachisale, musadzampatsenso mwana wanga chakudya chanu."

Ndinapsa mtima, koma ndinati chabwino, vuto ndi mchere eti? M'mawa mwake ndinasema mabwato odzaza lichero, usipa osauthira kanthu, ndipo ndinakuwa kuti mudzi wonse umve, "Mulibe mchere umu!"

Masana ana anadutsa m'njira atazolika. Sofiya yekha anacheuka, koma mkulu wake anamukoka dzanja.

Ndinadikira mpaka mabwato anazizira. Kenaka ndinatapa mchere wodzaza dzanja, n'kuwaza ponseponse, ndipo ndinadya onse ndi asodzi awo omwe. Nanga pakhomo pano ndidulapo ndani?