Singano ya Lolemba

Maphunziro akale achitetezo pa chipatala china cha ku Woodlands anali nkhalamba yeniyeni. Masamba makumi anayi a Chingerezi pa kompyuta, zithunzi za anamwino akunja ovala tizipewa takalekale, kumapeto mafunso khumi. Wantchito aliyense ankayenera kukhoza chaka ndi chaka, apo ayi ntchito yatha. Nanga amayi okolopa m'mawodi, amene sukulu anailekera panjira, akanatani? Ankapita kwa Salifyanji wa mu ofesi ya maphunziro, iye n'kuwadinira mayankho onse. Mphindi zitatu, munthu wakhoza! Iye ankati ndi chifundo, iwonso ankamubweretsera chinangwa chootcha ndi mtedza.

Chaka china mabwana anamuuza akonze atsopano, a pa foni, olankhula Chinyanja. Anavutika nawo miyezi iwiri. Lachinayi masana anaitana okolopa asanu kuti amve gawo loyamba, mtima uli m'mwamba kuopa kuti amuseka. Foni inayamba kulankhula ndi mawu ake omwe:

"Mukabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, musabise. Sambani ndi sopo, thamangirani kwa anamwino. Alipo mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, koma muyambe kumwa masiku atatu asanathe."

Kumuseka anamusekadi, ati mawu ngati wolengeza maliro pa wailesi. Amene sanaseke ndi ba Beatrice a ku Chelstone, mayi wa ana anayi, wanthabwala kuposa onse. Iwo ankawerenga zala pansi pa tebulo. Pa chala chachikulu panali pulasitala wakuda ndi madzi okolopera.

"Ba Sali, bwezani apo," anatero motsitsa mawu. "Akuti masiku angati?"

"Atatu. Bwanji?"

"Manje ngati ni Lolemba?"

Salifyanji anadzuka msanga. Anatulutsa enawo, natseka chitseko. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono: Lolemba, pomanga thumba la zinyalala mu wodi ya abambo, singano imene wina anaiponya molakwika inaboola thumba n'kulowa m'chala. Anafinya magazi, anamata pulasitala, anakakwera basi.

"Inali nthawi yanji?"

"Poweluka. Ma fifitini."

Ndiye kuti 3 koloko masana. Wotchi ya pakhoma inkati 2 koloko yadutsa ndi mphindi makumi awiri.

"Mayo ine! Osanena bwanji, ba Beatrice?"

"Nanga si munanikhozetsa? Sembe mabwana anakamba kuti unaphunzila iwe, wachita dala. Nchito nikaipeza kuti?"

Mawu amenewo anamulasa Salifyanji, koma nthawi yolira panalibe. Anawagwira dzanja, ulendo wa kwa Metroni Mwelwa, mkulu wa anamwino, mayi amene ngakhale madokotala ankamuopa. Khonde lija, tsiku lililonse lalifupi, linatalika ngati msewu wa ku Makeni. Metroni anamvetsera, sanakalipe. Anati ayambe ayezedwa magazi, chifukwa mankhwalawo ndi a munthu amene alibe kachilombo.

Kudikira kwake! Salifyanji ankayang'ana kachipangizo koyezera, n'kuyang'ana wotchi, n'kubwereranso. Ankapemphera zosamveka mutu. Patatha mphindi khumi ndi zisanu mzere unaoneka umodzi: ba Beatrice analibe kachilombo. Anameza mbulu woyamba wa mankhwala kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti 3 koloko ikwane.

"Musasangalale msanga," anatero Metroni. "Mankhwala awa amafuna tsiku lomwelo. Tsiku lachitatu palibe angalonjeze kanthu. Mumwa mwezi wathunthu, kenako tidzayezanso."

Atatero anatsegula kompyuta kuti alembe lipoti. Anakweza magalasi, nawerenga kawiri.

"Ba Beatrice, apa akuti mwakhoza mafunso onse, zaka zitatu zotsatizana. Funso lachisanu ndi chiwiri limafunsa za masiku atatu omwewa. Munadziwa, n'kukhala chete? Mukufuna ndilembe chiyani?"

Ba Beatrice anayang'ana pansi. Sanamuyang'ane Salifyanji ngakhale pang'ono, ndipo Salifyanji anaona kuti mayiyu ali wokonzeka kusenza mlanduwo yekha, ndi chala chake chobayidwacho.

"Amene anayankha si iwo, ba Metroni. Ndinkayankha ndine. Mafunsowo sanawaonepo."

Metroni anavula magalasi. Kunja wina ankakankha tirole yolira mawilo.

"Za ntchito yako tikambirana mawa," anatero. "Pano undiuze chimodzi. Alipo angati ena amene akunyamula matumba m'mawodi muno, okhoza ndi dzanja lako?"

Salifyanji anayamba kuwerenga zala: ba Emmy, ba Chibesa, ba Oswell otentha zinyalala, ba Kabamba ochapa zofunda. Zala za manja onse awiri zinatha, mayina asanathe.